Mphaka wa Madamu Kumsana Kwanga

Ndineneretu kuti sindikupepesa. Zipsera zili pamkonopa ndi zanga, manyazi ndidachita ndekha, ndiye wofuna kuseka aseke.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Somerset West, kuno kudziko la eni. Madamu ali ndi mphaka wonenepa ngati pilo, ndipo mphakayo adalumidwa pantchafu ndi mphaka wa aneba. Adokotala a ziweto adamusoka n'kumuveka chipulasitiki m'khosi, chonga fanulo, kuti asamanyambite balalo. Kenako madamu adanyamuka kupita kuholide. "Chimenechi usamuvule," adatero. "Bala likatukusira, ine ndi iwe tisiyana." Ntchito kuno satola pansi, ndiye ndidamva bwino lomwe.

Koma nyamayo inkangogunda makoma, kulephera kufika m'mbale yake, n'kumandiyang'ana mwachisoni. Kwathu galu akavulala amadzinyambita n'kuchira, palibe amamuveka ndowa. Ndidamuvula chipulasitikicho n'kuchiponya m'bini (inde, tsiku lomwe galimoto ya zinyalala imabwera, musandifunse).

Adanyambita. Adanyambita mpaka ulusi udachoka, bala n'kuyasama, lofiira psuu. Mantha adandigwira. Ndidaimbira anaBanda, mnzanga woluka tsitsi ku Parklands.

"Asisi, mwana mumamuletsa bwanji kuyamwa?" adandifunsa.

"Timapaka tsabola kubere."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Sindidapake pabala penipeni, nkhanza zotero ndilibe. Ndidapaka m'mbali mokha. Mphaka adalawa kamodzi, n'kukwera katani mpaka kudenga, kutsika ndi katani yemweyo, kudzera pamkono wanga ndi zikhadabo zonse. Ndidamutsuka ndi mkaka, iye akulira, inenso ndikulira.

Nzeru zidabwera nditatopa: wosamva kuletsa umangomubereka. Ndidapaka mankhwala a adokotala, kumukulunga m'thawulo, n'kumumanga kumbuyo ndi chitenje, mutu wokha uli kunja. Adalimbana pang'ono, kenako tulo. Ndinkakolopa naye, kusita naye, kuyanika naye zovala. Achimwene osamalira maluwa, a ku Ntcheu, atationa adagwetsa paipi.

"Mayi, masana ano? Anzanutu amadikira kuti kude."

"Thirirani maluwa, achimwene. Akandichotsa ntchito mundisunga ndinu?"

Madamu adabwera msanga, osanena, n'kundipeza ndikutsuka mbale, mphaka akuliza mkonono kumsana. Adafunsa za chipulasitiki, ndidanena zoona (za tsabola sadafunse). Adamasula chitenje n'kuyang'ana bala. Linali litayamba kuuma. "Usadzachitenso," adatero, kenako n'kundiuza kuti ndimuberekenso, atijambule.

Ntchito ndikadali nayo. Bala lidapola kalekale, koma bwana mphakayo akangoona chitenje amalira mpaka ndimubereke, ndipo ndimamubereka. Kutchalitchi nkhani idafika ndi achimwene aja, tsopano amanditcha make pusi. Anene. Mwana wanga ndidamusiya kumudzi ndi agogo ake asanayambe n'kuyenda komwe, lero ali pasukulu, ndimamuonera pafoni. Zimandiwawa. Msana uwu wakhala wopanda kanthu zaka zonsezi, ndiye asandiuze munthu choti ndiberekepo.