Mbava Zitatu ndi Makabati Awiri

Pulofesa anakankhira mabotolo pambali n'kujambula sitolo yathu patebulo ndi chala chonyowa ndi mowa. Apa khomo, apa kauntala, apa makabati awiri agalasi, ndipo apa, anatero akudontheza kadontho pakona, ndi gogo uja. Kadonthoko ndinali ine. Zonsezi ndikuzidziwa chifukwa anazifotokoza okha pambuyo pake, aliyense akukankhira mnzake mlandu.

Anali atatu. Pulofesayo anagwirapo ntchito miyezi iwiri pamalo okonzera makompyuta, ndipo chiyambire pamenepo salankhula ndi munthu osamuphunzitsa. Kamphepo ndi wowonda ngati waya woyanikapo zovala, luso lake n'kutsegula loko ndi kachitsulo. Chidebe ndi chimunthu chachikulu, luso lake sindinalidziwebe mpaka lero.

Sitoloyo ndi ya mpongozi wanga, amagulitsamo timakina ta magemu tonyamula m'manja. M'kabati yakumanja mumakhala zikuluzikulu, zomwe ndi makompyuta enieni, kungoti anazipanikiza kuti zikwane m'manja. M'kabati yakumanzere mumakhala ting'onoting'ono tija mumationa ndi ana m'basi, tomwe ntchito yake ndi magemu basi. Pakauntala pamakhala chimodzi cha mtundu uliwonse, chomangidwa ndi tcheni, choti ogula aziyeserapo.

Lachitatu lina mpongozi ankayenera kupita ndi khanda kusikelo, ndipo ine ndinapempha kuti ndigwire sitolo. Mwana wanga anakana, amvekere amayi mwakula, maso anu saonanso patali, angokuberani. Mpongozi ndiye anandiikira kumbuyo, koma tinapangana poyera kuti pakasowa ngakhale kachingwe ka chaja, makiyi ndibweza, ndikakhale kunyumba kuyang'ana makoma. Ine kukhala chabe kumandidwalitsa. Komanso katundu wa m'makabatimo ndiye chuma chonse cha banjali.

Mbiri yoti sitolo itsala ndi nkhalamba inakafika kumowa, ndipo Pulofesa anakonza dongosolo lomwe iye ankati ngakhale kubanki lingagwire. Chidebe akomoke pakhomo masana. Gogo athamangira madzi kumpopi wa kuseri kwa nyumba, kupita ndi kubwera mphindi zisanu. Mphindi zisanu kwa Kamphepo n'zokwanira kutsegula loko mmodzi basi. Pulofesa adzaze thumba, onse abalalike. Anagundanitsa mabotolo, n'kuitanitsa ena pokondwerera chuma chomwe anali asanachigwire.

Kenako Kamphepo anafunsa kuti loko mmodziyo akhale wa kabati iti.

Pulofesa anati funso limenelo ndi la munthu wosaphunzira. Chachikulucho chimaseweretsa magemu onse a pakompyuta, chithunzi chake chimaoneka mpaka thukuta la wosewera mpira, ukafuna ungalemberepo kalata yofunsira ntchito, ndipo mtengo wake umagula ting'onoting'ono tiwiri. Kamphepo anati chimenecho ndi njerwa. Ukachigwira ola limodzi mikono imachita dzanzi, chimapuma mpweya wotentha ngati simbi, batire lake limatha basi isanatuluke n'komwe m'tauni, ndipo ogula ake ndi anthu ochepa ofunsa mafunso ambiri. Kakang'onoko kholo lililonse limakafuna, umangolowetsa kakhadi n'kuyamba kusewera, batire limakufikitsa kumene ukupita. Pulofesa anati ndi kachidole, magemu ake ndi odula ndipo umangosewera okhawo amene eni ake akulola. Chidebe ankavomereza aliyense amene wamugulira botolo lomaliza. Anasiyana dzuwa likadalipo, aliyense ali ndi chikhulupiriro choti mnzakeyo wagonja.

Mawa lake masana ndinangomva khu, ngati thumba la simenti lagwa m'lole. Chimunthu chili gone pakhomo, mutu panja, miyendo m'sitolo. Ndinamuyang'ana, kupuma ankapuma bwinobwino. Chisoni ndinalibe, koma anatseka njira ya ogula, ndipo kumukoka kukanafuna anthu anayi. Ndinatenga ndowa. Chitseko sichikanatsekeka chifukwa cha miyendo ija, ndiye ndinachisiya pululu. Pamenepo ndinalakwa, sindikana. Kumpopi ndinapeza madzi akutuluka ngati misozi ya munthu wolira maliro a mdani wake, ndipo mphindi zisanu zija zinasanduka khumi ndi zisanu. Mbava zanzeru zikanatsegula makabati onse awiri n'kusesamo.

Kamphepo atalowa analunjika kumanzere. Pulofesa anamukoka kolala kumubwezera kumanja.

"Aise, dzulo tinamvana," anatero Pulofesa.

"Unamvana ndi botolo lako. Ine njerwa sindinyamula."

"Udzafa wosauka chifukwa cha umbuli, mphwanga."

"Chabwino, dolo. Zoyesera si izi pakauntala? Yatsa chakocho, ine ndiyatse kanga, tione."

Kamphepo anangodina kamodzi, tigalimoto tayamba kale kuthamanga. Pulofesa anadina chake, chinamuuza kuti adikire kaye, chikudzikonza. Chitatha kudzikonza chinadandaula kuti batire latsala pang'ono, ndipo mkuluyo anagwada kuseri kwa kauntala kufunafuna chaja mpaka anaipeza. Chitayaka bwino anapeza kuti muli kagemu ka makhadi kokha, ndipo Kamphepo anaseka mpaka kugwira nthiti. Apa ndi pamene ulemu wa Pulofesa unamupweteka. Anati dikira ndikuonetse mphamvu zake zenizeni. Analowetsa dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, n'kutsegula akaunti yake, yomwe amasungako magemu ake onse, nayamba kutsitsa gemu ya mpira pa intaneti ya sitolo yathu.

Ine ndinafika ndi ndowa yodzaza n'kumukhuthulira yonse Chidebe kumaso. Anachira pompo. M'malo mothawa anathamangira mkati kukachenjeza anzake, koma asanatsegule pakamwa anamupatsa kakang'ono kaja m'manja kuti agamule mlandu. Ndinasuzumira. Maso anga saona patali, n'zoona, koma sitoloyo si yaitali. Ndinaona thumba lopanda kanthu pansi, kachitsulo kali lende pa loko wakumanzere, ndi mitu itatu yagundana pakauntala. Ndinakoka chitseko chachitsulo cha panja n'kukhoma loko wanga wamkulu. Telala woyandikana nafe ndinamuuza aimbire apolisi, aimbirenso mwana wanga.

Kamphepo ndiye anayamba kuzindikira, nayamba kuzungulira m'sitolomo ngati khoswe wa m'ndowa. Pulofesa anabwera pazitsulo, nkhope ili yodandaula. Ndinkayesa apepesa.

"Agogo, chilichonse chimene mungachite, magetsi okha musazimitse. Gemuyi yatsala pang'ono kumaliza kutsika."

Apolisi awiri anafika limodzi ndi mwana wanga, ndipo apa zinthu zinayamba kundipendekera. Kachitsulo kaja kanali katalowa kale mu nsapato ya Kamphepo. Thumba anati ndi logulira zinthu kumsika. Pulofesa anakonza kolala, nalankhula mwaulemu kuti iwo ndi ogula, ankangoyesa katundu monga mwa chilolezo cha sitolo, ndipo mayi wachikulireyu wasokonezeka mutu, wathira madzi munthu wodwala n'kutsekera makasitomala ngati mbuzi. Makabati anali otseka, palibe chinasowa. Mwana wanga anandiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa. Kuberedwa n'kwabwino kusiyana ndi kutsekera ogula, ndipo ndinaona makiyi akundichoka m'manja.

Wapolisi wamkazi ananyamula chachikulu chija pakauntala. Paja ndinati ndi kompyuta yeniyeni. Pulofesa atatsegula akaunti yake, chinamutsegulira zonse mokhulupirika: dzina lake lenileni, chithunzi chake atavala tayi, ndi mauthenga amene amalemberana ndi anzake osewera nawo. Mayiyo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata ya kutchalitchi. Uthenga wa Kamphepo unati mawa masana kwa gogo uja, umuuze Chidebe akomoke bwinobwino, asaseke. Yankho la Pulofesa linati zabho, koma kabati ndi yakumanja, osatsutsa.

 Kenako gemu ya mpira ija inamaliza kutsika, n'kuyamba kuimba nyimbo yake yachisangalalo.

"Waona?" anatero Kamphepo. "Kanga kaja sikadziwa n'komwe kuwerenga uthenga wa munthu."

"Komatu taona chithunzicho," anayankha Pulofesa, maso ali pa osewera mpira. "Udzu ukuoneka umodziumodzi."

Anawatulutsa Pulofesa ndi Kamphepo atawamanga pamodzi, Chidebe atamumangirira kudzanja la wapolisi, madzi akudonthabe m'malaya. Mpaka pagalimoto ankakanganabe, ndipo akuti wapolisi woyendetsa analowererapo kuti iye ana ake anawagulira kakang'ono chifukwa sikavuta, koma akanakhala mnyamata akanasankha chinacho. Chidebe anavomereza zonse ziwiri.

Mwana wanga anayendera makabati, kuwerenga katundu, kugwedeza maloko. Anakanda mutu, nati za chitseko chosiya pululu tidzakambirana. Ndinamuuza kuti akambirane ndi mkazi wake, ine ndili ndi pansi ponyowa pofunika kukolopa. Mpongozi atabwera kusikelo anamva nkhani yonse khanda lili kumsana, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitolo ndimagwira Lachitatu ndi Loweruka lomwe.

Tsono inu amene mumabwera kudzaima pakauntala yanga maola awiri, kunyamula ichi, kusiya, kunyamula icho, kuimbira mnzanu foni kuti akuuzeni maganizo ake, ndikupempheni. Ngati mumakonda kukonzakonza zinthu ndipo simutalikirana ndi magetsi, tengani chachikulu. Ngati mukungofuna kudina n'kusewera, tengani kakang'ono. Koma muziganizira kunyumba kwanu, mubwere mutasankha kale, mulipire, mupite. Chitani bwino kuposa anyamata atatu aja, chifukwa ine ndikaona mitu itagundana pakauntala, dzanja limapita lokha pa loko.