Taiga Wagona pa Mtsiro

Lolemba

Veronika, mwana wanga wa ku Lilongwe, waimba foni. Akubwera Lamulungu ndi mdzukulu wanga, yemwe ndinangomuona tsiku lobadwa. Pano akuti akukwawa! Koma pali mawu: "Amayi, ndikapeza ubweya wa galu pakhomopo, mwana sindimutsitsa kumsana. Tibwerera minibasi yomweyo." Ndi namwino ameneyu, sanena zoseka.

Ndikuyang'ana Taiga, galu amene anandisiyira malemu amuna anga. Zaka khumi ndi zitatu, mano atsala anayi, mlendo akabwera amauwa ali chigonere. Chiyambireni kutentha kuno, ubweya ukungoyoyoka.

Zochita:
1. Kumupesa.
2. Kumusambitsa.
3. Kuzira pabalaza ndi pakhonde.
4. Azigona pansi pa mango, basi.

Ndaphunzitsa Sitandade 1 moyo wanga wonse. Galu mmodzi angandikanike?

Lachiwiri

Chipeso changa chathyoka mano. Tsopano chikufanana ndi Taiga.

Chitsononkho cha chimanga ndiye chikugwira ntchito. Ndikupala pamsana, ubweya ukutuluka. Ndikupalanso pomwepo, ukutulukanso. Beseni ladzaza. Mayo ine! Ndikuyang'ana beseni, ndikuyang'ana galu, galu sanachepe ngakhale pang'ono. Nanga ukuchokera kuti wonsewu? Mulungu analenga zinthu, abale.

ANambewe, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda: "Aphunzitsi, thonje la chaka chino mwalima pagalu?"

Taiga akungotsinzina, mwendo wakumbuyo ukuvina wokha.

Lachitatu

Njinga mpaka ku Golomoti, dzuwa likuswa mtengo, ubweya wina m'jumbo kuti alangizi a ziweto akaone. Aununkhiza, aseka. "Ngati sakudzikanda ndipo alibe zilonda, ndi ukalamba ndi kutentha basi, mayi. Muzimpesa tsiku lililonse. Muzimpatsako usipa ndi dzira."

Dzira! Ndiwo za lero: Taiga, dzira ndi usipa. Ine, chigwada.

Pobwerako ndapeza beseni ladzulo lija mulibe kanthu. Kamvuluvulu wadutsa pabwalo. Ubweya tsopano uli:
- pansalu yanga yakwaya, yomwe ndinayanika pachingwe
- mumtsuko wa madzi akumwa
- mu ufa wa aNambewe, womwe anayanika pamphasa atachokera kuchigayo

Ndawapatsa moni kawiri. Sanayankhe.

Lachinayi

Kusamba. Ndowa zitatu zakumjigo, sopo wathunthu. Taiga waima njo ngati munthu wojambulitsa chithunzi cha chitupa. Ndamaliza. Wadzikutumula kamodzi kokha, ndipo amene wasamba ndine.

Atauma, ubweya ukuthothoka kuposa kale! Wofewa, woyera mbee, ukuyandama padzuwa pang'onopang'ono. Ndangokhala pansi, tsache m'manja, kukamwa yasa. Ndisaname, ndi zokongola.

Ndiye mpheta. Zikutsika, kutola, kuuluka, kubweranso. Ndasuzumira mumtengo wa mango, zisa zayera mkati. Galu amene wathamangitsa mbalame moyo wake wonse, lero akuzifunditsira ana.

Lachisanu

Tsiku lozira. Mtsiro wakuda wakudambo, ndasenza ndekha maulendo anayi. Pabalaza, kenako pakhonde, kusalaza ndi kamwala mpaka mawondo kulira. Pakuwala! Veronika adzachita kuvula nsapato.

Taiga ndamumangirira kumango. Ine kutchalitchi kokaphunzira nyimbo.

Ndabwerako. Chingwe chilipo, galu palibe.

Ndaiwala chinthu chomwe ngakhale nkhuku ya ku Mtakataka imadziwa: mwezi wa Okutobala, malo ozizira m'mudzi monse ndi pamtsiro wonyowa. Wagona pakati penipeni pa khonde, pakhomo polowera, akuliza mkonono.

Loweruka

Mtsiro wauma. Tsache lakanika. Ubweya walowa m'dothi, waumira momwemo. Khonde langa lamera ubweya!

Komatu si ubweya wokha. Galu yense wadindika pamenepo, woyera padothi lakuda. Khutu, nthiti, mchira wopindika uja, ngakhale chipsera cha pamwendo pomwe inamubaya nguluwe ali mnyamata. Osema ziboliboli a ku Mua angayese chaka chathunthu, sangafike apa.

ANambewe abwera kudzandiyankhula za ufa wawo. Aima, agwira pakamwa, za ufa aiwala. Aitana anzawo. Anthu akhala akubwera mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wina wodutsa ndi ngolo wachita kuvula chipewa.

Mtsiro watsala m'ndowa. Nditaziranso panopa, pofika mawa pauma, Veronika sadziwa kanthu. Ndagwada, dzanja ndaviika kale. Apo Taiga akufuna kukwera pakhonde. Kamodzi, miyendo yakumbuyo yakana. Kawiri, yakananso. Kachitatu ndamunyamula. Kupepuka kwake! Mabeseni onse aja, kagalu kotsala mkatimu ndi aka? Mtima wandiwawa. Dzuwa la chaka chamawa sadzaliona uyu.

Mtsiro ndakataya kunthochi. Zikhale momwe zikhalire.

Lamulungu

Ndagonja. Misa yonse ndaimba ndi ubweya pansalu yakwaya, wakumbuyo kwanga akungothothola.

Masana Veronika wafika, mwana kumsana, chikwama sanatule. Waima pakhonde, maso pansi, nthawi yaitali. "Amayi, ichi n'chiyani?"

Ndisanayankhe, Taiga wamva mawu. Wadzuka movutikira, akubwera motsimphina, mchira ukugwedeza thupi lonse. Veronika wagwada. "Iwe Taiga, wakalamba chonchi? Adadi anabwera nawe uli m'chipewa." Misozi. Diresi lake labuluu layera mpaka m'mapewa.

Lamulo latsopano la Veronika: mwana azikwawa pamphasa pokha, pansi pa mango. Wakwawadi. Walunjika kwa Taiga, wabwerako ndi ubweya wodzaza kadzanja. Mayi ake akutsegula chala chimodzichimodzi, nkhope yakuchipatala, koma chikwama chalowa m'nyumba. Agona kuno mpaka Lachitatu.

Polowa, Veronika walumpha mosamala paja anadinda Taiga. "Pamenepa musadzazirepo, amayi."

Sindidzazirapo. Tsache ndaliimika kuseri kwa chitseko. Mutiyi wanga muli ubweya umodzi. Ndauchotsa ndi chala, ndamwa.