Masamu a anyezi ndi maso anga

Tsiku limene ndinathira mchere mu tiyi wa abusa ndi limene ndinayenera kugonja. Koma ine ndinaloza chala mayi akunyumba, n'kumati amasunga shuga ndi mchere m'mabotolo ofanana. (Mabotolowo anali olembedwa, ndipo wolembayo ndinali ine.)

Kuno ku Thambani ndimadziwika ndi kuwerenga. Sukulu ndinalekezera sitandade 6, koma pepala lililonse, ngakhale lokulungira mandasi, silindidutsa. N'chifukwa chake kutchalitchi anandipatsa udindo wowerenga zolengeza, ndipo udindo umenewu sindinkafuna munthu ausuzumire n'komwe.

Mayi atandikokera kuchipatala cha pa boma, adokotala anandiyeza maso n'kunena kuti, "Bambo, matenda palibe apa, ndi kukula chabe. Mupeze magalasi owerengera."

Kukula! Ine wa zaka 53, wopalasa njinga osatsika pachitunda?

Mwamwayi, mwana wa mchemwali wanga wa ku koleji anali ataiwala kabuku kena kwathu. Kankati m'diso muli kagalasi kamene kamakula moyo wonse ngati anyezi: tizigawo tatsopano timayalana kunja, takale timapanikizika pakati mpaka kuuma, basi zapafupi n'kuyamba kuoneka mbuu. Kankatinso akatswiri amalosera kakulidwe kameneka ndi masamu. Ndinati eya, masamuwo nanenso ndimawatha.

Ndinazula anyezi asanu kudimba la mayi. Ndinawadula pakati, ndinawerenga zigawo, ndinachulukitsa ndi miyezi imene anakhala m'nthaka, ndinagawa, kenako ndinadziwonjezera zaka zisanu poti fodya sindisuta. Yankho linatuluka loti magalasi ndidzawafuna ndili ndi zaka 71. (Misozi inali chuchuchu, moti manambala ena ndinkangowaganizira.)

"Anyezi anga mwawatha, ndiye maso apenya?" anafunsa mayi.

"Mayi, nzeru zimalira nsembe."

"Nsembe yake ikhale ndiwo zanga?"

Lamlungu mkulu wa mpingo anandipatsa timapepala tiwiri tolembedwa ndi pensulo, n'kundinong'oneza kuti kena n'ka ukwati, kena n'ka osesa m'tchalitchi Loweruka. Nditaima kutsogolo, zilembo zija zinasanduka linthumbu. Ndinatambasula mkono mpaka mkono unatha.

"Ndikubwerekeni magalasi anga?" mkulu uja ananong'ona.

"Ayi abambo, ndikungofuna pomwe pali kuwala."

Nditatsinzinira diso limodzi, ndinatola maina awiri: a Kamwendo, aneba anga omwe akazi awo anamwalira kalekale, ndi mayi Nasibeko, amasiye ogulitsa manachesi pamsika. Mwamuna ndi mkazi pa pepala limodzi, nanga n'kufunanso masamu ena? Zotsalazo ndimazidziwa pamtima. Ndinakweza mawu:

"Mpingo ukudziwitsidwa kuti a Kamwendo ndi mayi Nasibeko akufuna kumanga banja. Amene ali ndi chifukwa choletsa anene!"

Kenako amayi a kumbuyo anaiyatsa nthungululu. Mayi Nasibeko anadziphimba kumaso ndi chitenje, a Kamwendo anagwetsa buku la nyimbo. Mkulu uja ananditsomphola kapepala.

"Pepani mpingo, awa ndi osesa Loweruka!"

Anthu anaseka mpaka abusa anabisala kuseri kwa gome. (Kaya ankabwezera za tiyi zija, sindidziwa.)

Akuluampingo anagamula tsiku lomwelo: popanda magalasi, zolengeza ndisazigwirenso. Ine ndinawauza poyera kuti masamu anga sanalakwe. Analakwa ndi wolemba ndi pensulo yosasongola, komanso anyezi aja anali a feteleza, amakula mothamanga kusiyana ndi diso la munthu. Ndinabwereza masamuwo ndi anyezi a manyowa. Anandipatsa zaka 68. Zikadali kutali!

Miyezi iwiri ndinakhala pa benchi ngati mlendo, kumamvera wina akudodoma pa maina amene ine ndimawatchula ngati madzi. Mtima unkawawa, koma pamphuno panga panalibe galasi. A Kamwendo ndinkawazemba; ndikawaona kutsogolo ndinkakhotera m'chimanga.

Tsiku lina anandipezerera ndikukonza tcheni cha njinga, pothawira panalibe.

"Aneba," anatero, "tsache lija ine ndi mayi Nasibeko tinasesa nalo mpaka dzuwa kupendeka, nkhani zosatha. Kaguleni magalasi aja. Mwezi wamawa pali cholengeza, ndipo mayi Nasibeko akuti awerenge ndinu nomwe, poti munaziyamba ndinu. Koma anyezi asiyeni kaye, tiwafuna paphwando."