A Musagwedezeke ndi Kamera Yolowa M'madzi

Anthu ena akafuna kugula kamera amanyamula ndalama. A Musagwedezeke ankanyamula ndowa yodzaza madzi. Funsani aliyense wogulitsa zamagetsi mumsewu wa masitolo uja, akuuzani mmene ankathamangira kukhoma makabati akangomva madzi akukhavukira pakhonde.

Dzinali analitengera ku ntchito yawo. Zaka makumi anayi anakhala akujambula anthu m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa telala ndi wometa tsitsi, ndipo asanadine batani ankakuwa kuti, "Musagwedezeke!" Akwati ankauma gwa. Makanda ankasiya kulira. Wapolisi wina wodzajambulitsa chithunzi cha chiphaso anagwira mpweya mpaka chizungulire, a Musagwedezeke akadali kumukonza kolala. Chithunzi chikatuluka ndi kachimbuuzi ngakhale kakang'ono, ankaching'amba mwiniwake akuona.

Za ndowazi zinayamba akazi awo atadwala sitiroko. Mwendo wamanzere unangoti zii, ndipo mayi amene kale sankadziwa kukhala pansi anapezeka ali pa njinga ya odwala. Kuchipatala kunali dziwe la madzi ofunda lophunzitsiramo anthu kuyenda, ndipo adokotala a kumeneko, mayi wamfupi koma wa mawu aakulu, ankalowa nawo m'madzimo Lachiwiri lililonse atawagwira m'chiuno.

"Ukuyenda, mayi! Mwendo ukuyenda!" ankatero adokotala.

"Musandinyengerere ngati mwana. Ndinu mukundikankha. Mwendo woti sindikuumva n'komwe uyenda bwanji?"

Madzi ankawafika pachifuwa, ndipo akayang'ana pansi ankangoona zinthu zikuvinavina. Sabata yachinayi anabwera kunyumba atatopa, n'kuuza amuna awo kuti: "Ndipitako kawiri kokha, chifukwa cha inu. Kenako mundisiye pampando wanga." Adokotala anali atawakokera kale pambali bambowo n'kuwauza mosabisa kuti mayi akasiya panopa, mwendo uuma ndipo sadzayendanso.

"Komatu ine ndinauona ukusuntha," anachonderera a Musagwedezeke.

"Inunso mwayamba bodza ndi imvi zimenezo? Si inu mumati pakamwa pamanama koma chithunzi sichinama? Ndionetseni chithunzi."

Mawu awo omwe anawatembenukira. Anatsala ndi masabata awiri, ndipo makamera onse asanu a m'kabati mwawo anali oopa ngakhale thukuta.

Anayamba ndi nzeru za pakhomo. Anakulunga kamera m'mapepala atatu apulasitiki n'kuiviika m'bafa, chithunzi chinatuluka cha nkhungu yokhayokha. Anaiika m'botolo lalikulu lagalasi, botolo linakana kumira. Mkamwini wawo anabwera ndi matama, akuti foni yake siopa madzi. Lachiwiri lotsatira anaiviika m'dziwe la kuchipatala, foniyo inayamba kudzidina yokha, n'kuimbira abwana a mkamwiniyo katatu. Chithunzi cha mwendo panalibe. Sabata imodzi inapita choncho.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lachitatu m'mawa anatunga madzi m'ndowa n'kulowa mumsewu wa masitolo.

"Pabokosi alemba kuti siopa madzi, bambo," anatero wogulitsa woyamba.

"Madzi ake ati? A mvula kapena a m'dziwe? Inenso mvula sindiiopa, koma tandiponyani m'dziwe muone maliro."

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Tiiviike."

"Muyambe mwagula."

"Ndigule kaye kenako ndidziwe kuti ndagula mtembo?"

Mu sitolo yachiwiri munali mayi wolankhula mwaulemu, amene anawatulutsira kamera yakuda yonyezimira. "Iyi imapirira mpaka mamita khumi pansi pa madzi, agogo."

"Munakafikako?"

"Kuti?"

"Ku mamita khumiwo."

Anatsegula kachitseko ka batire, napapasa kamphira kotchinga madzi, nakanunkhiza, napukusa mutu. Kenako ananyowetsa manja m'ndowa muja n'kuyesa mabatani. Anali ang'onoang'ono ngati nthata, chala chinkangoterereka. "Iyi anapangira munthu wa manja ouma amene wakhala pamthunzi," anatero. Ina anaikana chifukwa inalibe poboola pomangira lamba, ina chifukwa galasi lake linachita nthunzi atangoiuzira mpweya.

Wogulitsa wina wa pakona, munthu wokonda kudzitama, anapsa mtima. "Mdala, mwatinyoza mokwanira!" Anatenga yekha kamera pashelefu n'kuiponya m'ndowa. Anthu anaunjikana. Panatuluka kathovu kamodzi, kenako kachiwiri, kenako tambirimbiri, kamera ija n'kutsinzina osadzukanso. A Musagwedezeke anavula chipewa. Kuyambira tsiku limenelo, ndowa ikaonekera kumtunda kwa msewu, ogulitsa ankaimbirana mafoni.

Anthu ankaseka, koma mwini ndowa sankaseka. Chakudya chinasiya kulowa. Kunyumba ankapeza akazi awo atayang'ana khoma, bulangete lili pamiyendo, ndipo mayiwo sankawafunsanso kuti zayenda bwanji. Lolemba masana, atakanidwa mu sitolo yomaliza, anakhuthula madzi m'ngalande, navundikira ndowa pansi, nakhalapo. Munthu amene anaimitsa tauni yonse ndi mawu amodzi analira pamsewu, dzuwa likuswa mtengo.

Amene anawapeza pamenepo anali wokonza mawotchi ndi mawailesi, nkhalamba inzawo imene anakangana nayo kalekale pa nkhani yoti palibe amene ankaikumbukanso. Atamva vuto lawo, anawalowetsa m'kashopu kake n'kufukula m'katoni kamera yachikasu, yokalikakalika, yoipa maonekedwe. Anali ataigula kwa munthu wina woyendera matanki a madzi. Mabatani ake anali aakulu, kachitseko kali ndi zokhomera ziwiri, lamba wake woyandama.

"Pitani mukatunge madzi anu aja," anatero wokonza mawotchi. "Ikafa yafa."

Anaiviika ola lathunthu, nkhalamba ziwiri zitazungulira ndowa. Thovu silinatuluke. A Musagwedezeke anaponya kiyi pansi pa ndowa, napisa dzanja, nadina. Kiyi anatuluka pachithunzi mano ake onse akuwerengeka. Tsiku lomwelo anapita kukatenga kamera yawo yoyamba, imene anayambira nayo ntchito ali mnyamata, n'kuisiya patebulo la mnzawoyo kuti asinthane. Sanayang'ane m'mbuyo.

Lachiwiri lomaliza linafika, ndipo apa m'pamene panabuka vuto limene sanaliganizire. Adokotala anati, "Ingoviikani dzanja lokha muli pamphepete, muzidina."

"Ine? Ndijambule chinthu osachiona? Zaka makumi anayi sindinachitepo zauve zoterozo."

Koma chibadwire anali asanamizepo mutu m'madzi. Analowa m'dziwe atavala kabudula wa mkamwini wofika m'mawondo ndi magalasi osambirira obwereka. Adokotala anayamba kuyendetsa mayi. Bambo anakoka mpweya, namira, naloza kamera pamiyendo. Chala chitafika pabatani, pakamwa panachita zimene panazolowera. Anatsegula kukamwa kuti akuwe mawu awo aja, ndipo anamwa madzi a m'chipatala osachepera kapu ziwiri.

Anavuuka akutsokomola, maso ali psu. Anayesanso, anamwanso. Ulendo wachitatu anati achenjere, akuwiretu asanamire. "Musagwedezeke!" Akazi awo, amene anajambulidwa ndi munthu ameneyu kuyambira ali mtsikana, anauma pomwepo. Adokotala nawo anauma. Mdala wina amene ankapalasa miyendo kumbali anaima, mwendo uli m'mwamba.

Wotchi ya pakhoma inkaonetsa kuti kwatsala mphindi khumi. A Musagwedezeke anayang'ana akazi awo, madzi akuchucha m'ndevu.

"Gwedezekani, mayi. Chonde, ndakugwirani mwendo, gwedezekani."

Anamiranso, ulendo uno ataluma milomo. Anakhala pansi penipeni pa dziwe, kamera ili kumaso, atatsimikiza kuti savuuka mwendo uja usanasunthe. Pamwamba pankangooneka dazi lawo. Mayi anadikira. Dazi silinakwere.

"Adokotala, bambowa satha kusambira! Inu bambo! Bambo inu!"

Adokotala asanachite kanthu, mayi anali atawachotsa manja m'chiuno. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, napisa dzanja m'madzi, nawatulutsa amuna awo atawagwira khutu.

"Mukufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha kachidole kachikasuka?"

Bambo anali kalikiliki kutsokomola uku akupukuta kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Chithunzi chinalipo. Mwendo wamanja unaoneka bwinobwino utaponda pansi, koma phazi lamanzere linali chimbuuzi, lili m'malere. Chala chawo chinayamba kulowera kubatani lofufutira, mayi n'kuwalanda kamerayo.

"Phazi langali latani?"

"Lagwedezeka," anavomera mwamanyazi.

"Nanga miyendo ya adokotala ili kuti?"

"Iyo uko, kumbuyo. Kutali ndithu."

Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa adokotala n'kufunsa ngati Lachiwiri likubwerali adzafike nthawi yomweyi.

A Musagwedezeke anamwalira patapita chaka ndi miyezi, atadwala chifuwa masiku ochepa chabe. M'kachipinda kawo muja tsopano mukugulitsidwa zikwama za mafoni. Ogulitsa zamagetsi sakhomanso makabati, ndipo wa pakona uja amati msewu wasanduka wa anthu ongowerenga mabokosi, palibenso womufunsa funso lovuta. Tawasowa kwambiri bambo aja.

Koma m'mawa uliwonse mumamveka ndodo ikugogoda pakhonde la masitolo. Ndi mayi aja, akuyenda okha pang'onopang'ono, mwendo wamanzere ukukokeka pang'ono. Amafika pakati pa telala ndi wometa tsitsi n'kuima, akuyang'ana chitseko. Tsiku lina telala anawamvera chisoni, nawatulutsira mpando.

"Khalani pansi, amayi, mupume."

"Zikomo, bwezani mpandowo," anatero mayi aja. "Anamwa madzi ambiri bambo aja kuti ine ndiime."