Mbuzi Zanga za Dipuloma

Usiku watha ndinalota zondibalalitsa mutu, anzanga, ndiye tamamwani tiyiyo mukumvetsera. Paja mukudziwa kuti ndikudikira yankho ku yunivesite ya kunja ija. Akavomera makosi a dipuloma yanga ya unamwino ndikakhalako zaka ziwiri, akakana ndikayambira pansi, zaka zinayi. Chikhalirecho mwana wanga Tawina, amene adzatsale kuno, sanayambe n'komwe sitandade wani.

Ndiye ndinalota ndili padepoti ndikukusa mbuzi, koma mbuzizo zinali makosi anga, iliyonse atailemba malikisi ake pamimba ndi penti. Ndege inabwera ngati minibasi, kondakitala akuitanira, ndiye tinakwera, mbuzi ya uzamba n'kundikhala pamiyendo. Inkandifunsa ngati kunjako kuli msipu. Ndinaiuza kuti ikhale chete, nanenso kunali koyamba.

Mwadzidzidzi tili mu ofesi yozizira, pakati pali sikelo ngati ya ogula chimanga. Bwana wa kumeneko anali wa suti ndi ulemu wake, koma atangovala magalasi anasanduka bilimankhwe, diso lina kuyang'ana ine, lina kuyang'ana kwawo. Tawina anali panja pawindo, kamutu kokha kakuoneka.

Ndinakweza mbuzi yoyamba, yonenepa bwino, ya 68. Sikelo inatsokomola, n'kunena mwaulemu kuti kuno 68 ndi mbuzi yodwala. Ine mtima unandipweteka. Mukukumbukira mmene tinkavinira kuhositelo munthu akapeza 68? Ndinafotokoza kuti kwathu aphunzitsi sapereka kuposa pamenepo, ngakhale ulembe mpaka cholembera kutha.

Ndiye mwadzidzidzi a Mwalwanda, aphunzitsi athu a za mankhwala aja, akutulukira pansi pa tebulo atasanduka fulu. Malikisi onse amene anatimana anali m'chigoba mwawo, ndinkawamva akugwedera ngati mtedza. Ndinagwada. Ndinawapempha andiwonjezereko pang'ono chabe, mbuzi yanga idutse.

"Iyayi, a Nasibeko," anatero. "100 ndi ya Mulungu, 90 ndi yanga. Inu 68 yakuchepani liti?"

N'kubweza mutu m'chigoba, basi nkhani yathera pompo.

Bilimankhwe uja anasintha mtundu, kukhala wofiirira, n'kulamula kuti mbuziyo itsale. Itangotuluka pakhomo ndinayang'ana pawindo, Tawina watalika, mapewa akuoneka, wavala yunifolomu ya sukulu imene ine sindinamugulire. Ndinakweza mbuzi ina. Sikelo inati imeneyi ndi yabwino ndithu, koma inadya msipu wa maola ochepa. Inatsalanso. Pawindo mano a mwana anali atagweluka kale n'kumera ena, ine osaona.

Chodabwitsa n'chakuti palibe ankakalipa. Aliyense ankandilankhula mofatsa, mpaka mpando umene ndinakhalira unandipepesa. Ndinangotsala ndi mbuzi ya uzamba ija, ndiye ndinaikumbatira, ndikuinong'oneza kuti ifufumitse mimba ikakwera pasikelo. Inayesetsa, mayi wanga, mpaka maso kutuzuka. Sikelo inati imeneyi akambirana kaye kukomiti, ndipo komitiyo inali nkhanga zimene zinali zitabalalika m'tchire.

Ndinatuluka ndi chingwe chokha m'manja. Panja panaima mtsikana wamtali kundiposa, tsitsi loluka bwino ndi manja a munthu wina. Ndinamuzindikira, koma iye ayi. Anandigwadira pang'ono n'kunena kuti, "Takulandirani anti. Mukufuna ndani?"

Ndinachita mantha, anzanga, mantha enieni.

Ndiye ndinangomva khwee, khwee, pasimenti. Ndinatsegula maso kutayera kale. Anali Tawina, akukoka mpando kukhitchini kuti afikire shuga pashelefu. Masiku onse ndimamukalipira. Lero ndinangoima pakhomo n'kumamuyang'ana akunyanyamphira pampandopo, dzanja osafikirabe.