Mbava Zomwe Zinatikwanitsa Mazana Awiri

Pulani yonse anaipangira m'bala mwanga chakum'mawa, aliyense atakumbatira chikho cha mowa. Anali atatu, ochokera kumzinda. Mtsogoleri wawo Ottmar ankamutcha Profesa, chifukwa cha magalasi basi. Enawo anali Egon, wotchedwa Chimimba, ndi Wendelin, wotchedwa Kamphepo, yemwe ukayetsemula pafupi ankadzandira.

Profesa anayala mapu a Zwirnbach patebulo n'kuwaonetsa chigwa chathu, msewu umodzi, mlatho umodzi, ng'ombe zochuluka kuposa anthu.

"Madala, dilu iyi ndi yophweka," anatero. "Kuno kulibe wapolisi, kuli nkhalamba zokhazokha. Tilowa mu ofesi ya meya ngati ofuna kudzakhala kuno, tinyamula unyolo wagolide uja amavala m'khosi pa zochitika, basi taphaphalitsa."

Ankanong'ona, koma kunong'ona kwa woledzera kumamveka kutsidya kwa mtsinje.

Chomwe mapu sanawauze ndi ichi. Akuluakulu a chigawo anali atatilembera kuti tikapanda kukwana anthu mazana awiri m'kaundula pofika Lachisanu 12 koloko, mudzi wathu auphatikiza ndi mudzi wa Oberlaub, anthu omwe sitipatsana nawo moni chiyambire mkangano wa malire a dambo. Tinali 197, ndipo tsikulo linali Lachisanu.

Ndinaimbira foni meya wathu, Mayi Notburga, kuwauza kuti kukubwera mbava zitatu.

"Zitatu?" anafunsa. "Zamoyo?"

Ku ofesi anazilandira ndi khofi, keke ndi mafomu olembetsera okhala m'mudzi. Chimimba anafuna kulemba dzina labodza, koma Profesa anamumenya padzanja.

"Iwe aise, ife ndife mbava, osati zigawenga. Pa fomu ya boma sanama munthu."

Analemba mayina enieni, masiku obadwa, mpingo, ngakhale komwe ankakhala kale. Mayi Notburga anamenya chidindo katatu kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti 12 koloko ikwane, n'kutuluka kukalira pakhonde. Kabati ya unyolo anaisiya yosakhoma. Anyamata aja anatola unyolo, liwiro la mtondo wadooka kupita kugalimoto, akutamandana kuti ndi madolo.

Pamlatho anapeza ng'ombe makumi asanu ndi atatu za mkulu Alois zikuwoloka, ndipo ng'ombe za Alois sizidziwa changu. Kumbuyo kunali kukubwera mudzi wonse, malipenga patsogolo, kudzalandira nzika zatsopano. Kamphepo anagwetsa misozi. Akuti chibadwire palibe anamuimbirapo lipenga.

Wapolisi anafika kuchokera kumzinda patapita ola, atamuitana a ku Oberlaub omwe ankaonera zonse ali paphiri, nsanje ili tho. Mayina sanavutike nawo, anali kale pamafomu, olembedwa bwinobwino. Koma kuwatengera kundende kunali kutibwezera pa 197, choncho Mayi Notburga anafotokoza kuti awa ndi anthu athu, unyolo amakaupukuta, poti mkuwa umachita dzimbiri msanga.

"Mkuwa?" anatero Profesa. Kenaka anagwira wapolisi mkono. "Bwana, ndimangeni chonde."

Wapolisi anati popanda wodandaula palibe mlandu, n'kudya keke, n'kumapita.

Khoti likanawapatsa mwina zaka ziwiri. Kuno atha khumi ndi chimodzi. Galimoto yawo inasanduka khola la nkhuku. Chimimba anakwatira mchemwali wanga, Kamphepo amaimba lipenga moipa kwambiri, ndipo Profesa ndiye amasunga kaundula, poti palibe wina wolemekeza fomu ngati iye. Chaka chatha atangotsokomola, mudzi wonse unafika ndi supu, ndipo meya anamuuza poyera kuti akafuna kufa kapena kusamuka, ayambe wapeza wolowa m'malo.

Ndiye masiku ano amakhala pakona m'bala mwanga, maso ali pakhomo. Dzana kunalowa mlendo wa maso akuthwa, n'kuyala mapu patebulo, n'kufunsa ngati kuno kuli wapolisi. Ndisanagwire n'komwe foni, Profesa anali atamugulira kale mowa, fomu ili m'manja.