Kakapeti Kamene Ndinapukutira Matope

Mpaka lero mayi a kunyumba akandiona ndaima pamene akugulitsa makapeti amandikoka malaya. Sindiwatsutsa. Ali ndi chifukwa.

Ndinagwirako ganyu miyezi itatu m'sitolo ya makapeti ku Limbe (ntchito yanga inali yosesa, koma izi sindinenanena). Ndiye kwathu ku Ndunde ndinabwerera ndili katswiri. Munthu angoyala mkeka, ine ndayamba kale: uwu ndi wa mlaza, iyo ndi mphasa ya bango, koma kapeti weniweni ndi waubweya woluka pamanja, osati wanayiloni wapamakina.

Mng'ono wanga Yohane anapeza mbeta, Asiyatu, wa m'banja lachisilamu ku Mpama. Ife ndi a Babatisti, ndiye nkhani inali yovuta kale. Malume ake a mtsikanayo, Che Amidu, anati abwere kaye adzaone ngati tili anthu aulemu. Iwo akakana, ukwati palibe. Ine monga nkhoswe ndinati aone zakuda ndi chitukuko.

Pakaunjika ndinapeza kakapeti kobiriwira, kofewa, kamphonje uku ndi uku, pakati atajambula chinthu chonga chitseko. Chitseko! Basi n'kapakhomo, kopukutira mapazi. (Anzathu achisilamu ndinkawaona akuswali pamikeka wamba, ndiye zina sindinaziganize.) Ndinakagula n'kukayala pakhonde, ndipo mphasa yathu yakale ndinakaibisa kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, mwafunsa kuti n'kantchito yanji?" anatero mayi a kunyumba.

"Ndifunse ndani? Ine wa ku Limbe?"

Tsikulo kunagwa mvula. Che Amidu anafika panjinga atavala mkanjo woyera. Atakwera pakhonde anangoima njo, maso ali pansi.

"Pukutani, Che Amidu, musaope," ndinatero. Sanasunthe. Ndinayesa akuopa kudetsa katundu wodula, choncho ndinati ndiwaonetse. Ndinapondapo ndi nsapato zanga zamatope, kwecha kwecha, kutsogolo, kumbuyo, uku ndikuphunzitsa: "Taonani ulusi wake. Si nayiloni uyu. Matope amachita kulowa okha!"

Yohane ankanditsinzinira diso. Ndinayesa akunditamanda, ndipo ndinapukutanso chidendene.

Che Amidu anawerama, nasuntha mwendo wanga mofatsa ngati akuchotsa mwanapiye pa ufa. Kenaka anatola kakapetiko ndi manja awiri.

"Achimwene, apatu pamagunda mphumi ya munthu akamapemphera. Chitseko mukuchionachi timachilozetsa ku Maka."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Ndinacheukira Yohane, misozi ili lengelenge m'maso mwake. Ukwati wa mwana wa mayi anga ndinali nditaupukutira nsapato.

Mayi a kunyumba anakatenga mphasa ija kuseri kwa nkhokwe, naikung'untha, naiyala. Che Amidu anakhalapo, kenaka anaseka pang'ono.

"Umbuli si chipongwe. Mwana wathu akamadzabwera kuno adzafuna poswalira. Mwamugulira kale. Chatsala n'kuchapa, ndipo wochapa ndinu."

Ndinakachapa pamjigo, katatu konse, amayi a m'mudzi wonse atatula zidebe kuti aonerere bwino. Ukwati unachitika. Kakapetiko kamakhala m'sutikesi, ndipo mlamu wanga Asiyatu akabwera amakatulutsa yekha. Ine salola kuti ndikayandikire nditavala nsapato.

Kufunsa ndinaphunzira, pang'ono. Koma ndikunenetsabe, anthu inu: ulusi uja sunali nayiloni.